Kodi tikasiya C n'kuyamba Rust, akuba a pa intaneti atisiya?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Chilomoni amene anamaliza maphunziro a zamakompyuta ku Poly, kumene masiku ano tikuti MUBAS. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Bambo, ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono ku Limbe. Olemba mapulogalamu tilipo anayi. Tinapanga sisitimu ya ma SACCO, yoti mamembala aziona ndalama zawo pa foni ndi kubweza ngongole kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Mbali yaikulu tinalemba m'chilankhulo cha PHP ndi Laravel, chida chomangira mawebusaiti mu PHP. Kachigawo kamodzi kokha ndi ka chilankhulo cha C, kamene kamayendetsa timakina tosindikiza malisiti timene ma ajenti amayenda nato m'misika. Abwana athu anawerenga kuti boma la America likuuza anthu kuti asiye C ndi C++, ndiye akuti chaka chino tilembenso zonse mu Rust kuti akuba asatilowere. Ine Rust sindiidziwa, anzanganso chimodzimodzi. Kodi n'zoona kuti chilankhulo cholembera pulogalamu chingachepetse zibowo zolowerapo akuba? Kapena ndi nkhani za otsatsa malonda chabe? Tulo sindikupeza, chifukwa ndalama zimene zili m'sisitimu imeneyi ndi za aphunzitsi ndi amayi ogulitsa tomato."

Achimwene, zikomo polemba, ndipo khazikani mtima pansi. Munthu wosowa tulo poganizira ndalama za aphunzitsi ndi amayi a mumsika ndi amene ine ndingakonde kuti azindisungira zanga. Abwana anu sananame pa zimene anawerengazo. Mu November 2022 bungwe la zachitetezo la NSA ku America linalangiza makampani kuti ayambe kuchoka ku C ndi C++ n'kupita ku zilankhulo zimene zimayang'anira zokha memory, malo amene pulogalamu imasungamo zinthu pamene ikugwira ntchito, ndipo mu February 2024 ofesi ya ku White House yoona za chitetezo cha pa intaneti inabwerezanso mawu omwewo. Koma mankhwala amene abwanawo akufuna kukumwetsani ndi a matenda amene mbali yaikulu ya sisitimu yanu ilibe. Mukamaliza kuwerenga, mukawaonetse nawonso yankho lino.

Tiyambe ndi matendawo. C analemba ndi Dennis Ritchie ku Bell Labs cha m'ma 1972, nthawi imene kompyuta yodzaza chipinda inali ndi memory yochepa kuposa ya kafoni ka mabatani kamene tinagulira agogo kumudzi. Panalibe mpata woti pulogalamu izitaya nthawi n'kuyang'ana ngati woilemba walakwitsa. Choncho C imakukhulupirirani ndi mtima wonse. Mukaiuza kuti isunge malo a zilembo 16, imasunga 16. Mukathiramo zilembo 40, siikana, siifunsa. Imangolemba, ndipo zotsala 24 zija zimakagwera pa malo oyandikana nawo.

Taganizirani kaundula wa banki mkhonde. Mlembi wadula mizere: danga la dzina, danga la masheya, danga la ngongole. Kwabwera munthu wa dzina lalitali, mlembi n'kumangolembabe mpaka cholembera chadumpha mzere n'kukaphimba nambala ya ngongole. Pa pepala aliyense aona kuti pasokonekera. Mu kompyuta mulibe woona. Wakuba wochenjera amakonza dala "dzina" lakelo kuti zilembo zosefukirazo zikatere pomwe pulogalamu inasunga adiresi yobwerera ikamaliza ntchito. Akangosintha adiresi imeneyo, pulogalamu yanu yayamba kumvera iye. Ndiye buffer overflow munaphunzira m'kalasi ija. Morris worm, pulogalamu yodzifalitsa yokha ya mu 1988, inadzera pa chibowo chotere, mu function ya gets(), intaneti ikadali yakhanda, ndipo mpaka lero matendawa sanathe.

Mng'ono wake ndi use-after-free. Ili ndimalifanizira ndi nyumba za lendi ku Ndirande. Walendi wasamuka, landilodi wapereka chipinda kwa wina, koma woyamba uja kiyi sanabweze. Usiku wina watsegula chitseko, wayamba kutenga ndi kuika katundu ngati chipindacho chikadali chake. Pulogalamu ya C ikabweza memory ndi free() koma pointer, kiyi wolozera malowo, n'kutsala m'thumba, zimachitika ndi zomwezo.

Mu 2019 Microsoft inaulula kuti mwa zibowo zonse zimene inkatseka chaka ndi chaka m'mapulogalamu ake kwa zaka zoposa 10, pafupifupi 70 peresenti zinali za memory. Chaka chotsatira, opanga Chrome anawerenga zawo n'kupezanso pafupifupi 70 peresenti mwa zibowo zoopsa, ndipo theka la zimenezo zinali use-after-free. Awatu ndi makampani olemba ntchito akatswiri odula kwambiri padziko lapansi, okhala ndi zipangizo zoyesera code zimene ife kuno timangozimva. Ngati iwo akupunthwa, mawu aja akuti "wodziwa C salakwitsa" ndi ongodzitonthozera. Ine C ndailemba zaka zambiri ndipo ndimaikonda, koma pamenepa ndilibe chotsutsa.

Chibowo cha Heartbleed cha mu April 2014 chinaonetsa mmene kulakwitsa kochepa kumapwetekera anthu ochuluka. Mu OpenSSL, library (code yolembedwa kale imene mapulogalamu ena amabwereka) yoteteza kulumikizana kwa mawebusaiti ambirimbiri, munali malo pamene kompyuta ina imatumiza timawu n'kuuza seva kuti "ndibwezere mawu angawa, kutalika kwake ndi kwakuti". Seva inkangokhulupirira nambala ya kutalikayo osaiyerekeza ndi mawu enieniwo. Wakuba ankatumiza chilembo chimodzi n'kunama kuti ndi pafupifupi 64 KB, seva n'kumupakulira chilembocho pamodzi ndi zonse zimene zinali pafupi mu memory: mapasiwedi a anthu, nthawi zina ngakhale makiyi achinsinsi a sevayo. Chimene chinasowa n'kuyang'ana malire pamalo amodzi okha.

Zilankhulo zimene timati n'zotetezeka zimalanda munthu ntchito yoyang'ana malireyi n'kuichita zokha. Mu Java, C#, Go, Python, ngakhale PHP yanuyo, mukafuna kudumpha malire pulogalamu imaima kapena kudandaula, koma siikulolani kukhudza memory imene si yanu. Kubweza memory nakonso si udindo wanu, pali garbage collector wosesa m'mbuyo mwanu. Rust, imene inakulira ku Mozilla n'kufika pa 1.0 mu 2015, inabwera ndi njira ina yosafuna wosesa. Chinthu chilichonse mu memory chimakhala ndi mwini mmodzi. Mwiniyo akhoza kubwereketsa kwa anthu ambiri ongoyang'ana, kapena kwa mmodzi yekha woti asinthe, koma osati zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo wobwereka saloledwa kutsala ndi kiyi mwini atasamuka. Woyang'anira malamulowa ndi compiler, chida chosandutsa code kukhala pulogalamu yoyenda. Ikaona kuti mwaphwanya limodzi, imakana kumanga pulogalamuyo. N'chifukwa chake Rust imatha kulowa m'malo amene kale munkangolowa C, moti Linux inayamba kuilandira mu kernel yake, mtima wa sisitimuyo, mu December 2022.

Umboni umene kwa ine ndi wolemera kuposa wonse ndi wa Android, imene ili m'matumba mwa anthu ambiri mu minibasi iliyonse yochoka ku Limbe kupita ku Blantyre. Google inanena kuti mu 2019 zibowo za memory zinali 76 peresenti ya zibowo zonse za Android, koma pofika 2024 zinali zitatsika kufika pa 24 peresenti. Apa ndi pamene abwana anu atchere khutu. Google siinalembenso Android yonse ayi. Inangoyamba kulemba zatsopano mu Rust, Kotlin ndi Java, pamene C ndi C++ yakale inasiyidwa momwemo, n'kumangoikonza pakafunika. Anaona kuti zibowo zambiri zimapezeka mu code yatsopano kapena yongosinthidwa kumene. Code ikakhalitsa, anthu akuigwiritsa ntchito ndi kuiyesa, zolakwika zake zimanka zichepa. Ndiye yankho la funso lanu loyamba ndi lakuti inde, chilankhulo chimachepetsadi zibowo, ndipo si nkhambakamwa za otsatsa malonda. Chimachotseratu banja limodzi lalikulu la zibowo.

Tsopano bwererani ku sisitimu yanu. PHP ili kale m'gulu la zilankhulo zosakulolani kusefukira mu memory. Mukachotsa Laravel n'kuikapo Rust, pa nkhani ya buffer overflow palibe chimene mwapindula, chifukwa m'code yanu ya PHP matendawo munalibe. Koma zimene mungataye n'zambiri. Laravel imakutetezani mwakachetechete pa zinthu zimene mwina simuziganizira n'komwe: imatsuka mawu musanawaonetse pa tsamba, imaika pa mafomu CSRF token yoletsa webusaiti ina kutumiza fomu m'dzina la membala, imabisa mapasiwedi ndi bcrypt. Anthu anayi ongoyamba kumene Rust, akuthamangitsidwa ndi tsiku lomalizira, adzalemba zonsezi mwatsopano, ndipo taona kale kuti zibowo zimakonda code yatsopano. Kuthamanga sikufika.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa kukayang'ana sisitimu ya bungwe lina lobwereketsa ndalama mumzinda muno. Inali yolembedwa mu C#, chilankhulo chomwe chili pa mndandanda wa NSA uja. Magetsi anali atazima, jenereta ikulira kuseri, ine nditakhala pa desiki ya mlembi. Ndinalowa ndi akaunti yoyeserera ngati membala wamba, n'kutsegula sitetimenti. Pamwamba pa browser panalembedwa statement?id=1042. Ndinafufuta 2 n'kulemba 3. Panatuluka dzina la mayi wina, nambala yawo ya foni, ngongole yawo, ndi chithunzi cha chiphaso chawo cha unzika. Nditalemba 1044, panatuluka bambo wina. Mnyamata amene analemba sisitimuyo anaima pambali panga atagwira pakamwa. Sanali mbuli, code yake inali yaudongo kuposa ya akuluakulu ambiri amene ndawaona. Anangoiwala funso limodzi: kodi wapempha sitetimentiyu ndi mwiniwake? Funso limeneli palibe compiler imene ingakufunsireni, chifukwa compiler siidziwa kuti nambala 1043 ndi ya ndani. Pa mndandanda wa zoopsa 10 za mawebusaiti umene OWASP, bungwe loona za chitetezo cha mapulogalamu, linatulutsa mu 2021, vuto lolola munthu kuona kapena kusintha zosakhala zakeli ndi limene linali pa nambala 1. Mu Laravel mankhwala ake alimo kale, ma Policy ndi ma Gate, koma amagwira ntchito pokhapokha mutawaitana pa khomo lililonse. Khomo limodzi loiwalika ndi lokwanira.

Pa sisitimu yolandira ndalama za pa foni pali malo awiri amene ndimayamba kusuzumira ndisanaone kwina kulikonse. Oyamba ndi callback, adiresi ija imene imalandira uthenga wakuti membala wakuti walipira. Kodi sisitimu yanu imadziwa bwanji kuti uthengawo wachokeradi kwa a kampani ya foni? Ngati imangokhulupirira aliyense wogogoda pa adiresi imeneyo, munthu woidziwa akhoza kutumiza yekha uthenga wakuti wabweza K200,000, ngongole n'kufufutika iye asanatulutse ngakhale tambala. Uthenga wotere uzitsimikizidwa ndi siginecha ngati ilipo, ndipo sisitimu yanu izibwerera yokha kukafunsa kwa eni ake ngati nambala ya malipiroyo ilidi m'mabuku mwawo, musanalembe chilichonse.

Malo achiwiri ndi pamene netiweki yadula. Mukudziwa mmene zimakhalira kuno: mayi adina kuti atape ndalama, foni yangoti zii, adinanso kachiwiri. Mapempho awiri afika pa seva nthawi imodzi. Loyamba lawerenga kuti mu akaunti muli K50,000, lachiwiri nalo lawerenga K50,000 loyamba lisanachotse, onse awiri avomerezedwa, ndipo SACCO yatulutsa K100,000. Anthu ena akazindikira zimenezi amayamba kuchita dala. Mudzamva kuti Rust imathetsa data race, kulimbirana kwa ntchito ziwiri zokhudza chinthu chimodzi nthawi imodzi, ndipo n'zoona, koma ndi race ya mkati mwa memory ya pulogalamu imodzi. Iyi ndi ya mu database, ndipo imathetsedwa ndi transaction yokhala ndi lockForUpdate() pa mzere wa akauntiyo, komanso kuonetsetsa kuti nambala imodzi ya malipiro siingalembedwe kawiri. Mukalemba mosasamala mu Rust, ndalama zidzatulukabe kawiri, mwachangu kuposa kale.

SQL injection, pamene wakuba amalemba lamulo la database m'danga la fomu sisitimu n'kulimvera, ndi nkhani yakale koma ikudyabe anthu. Mu 2015 kampani ya matelefoni ya TalkTalk ku Britain inaberedwa mbiri ya makasitomala pafupifupi 157,000 kudzera pa chibowo chotere, ndipo inalipitsidwa chindapusa cha £400,000. Eloquent, mbali ya Laravel yolankhula ndi database, imalekanitsa yokha mawu a munthu ndi lamulo la SQL, choncho mukaigwiritsa ntchito moyenera muli pabwino. Ngozi ili pa malipoti aja ovuta, amene munthu amatopa n'kungolumikiza mawu mu DB::raw kapena whereRaw. Sakani mawu amenewa mu code yanu yonse, ndipo paliponse pamene zolemba za munthu zalumikizidwa mwachindunji, konzani. Phunziro lake apa ndi lomwe lija la Rust: chida chimene chimapangitsa njira yolakwika kukhala yovuta kuidutsa chimateteza kuposa kuuza anthu kuti azisamala. Kusamala kumatha Lachisanu madzulo ntchito ikapanikiza.

Ndiye pali code imene simunalembe inu. Tsegulani foda ya vendor, mosungira ma library a anthu ena, muone kuchuluka kwake poyerekeza ndi yanu. Chibowo cha Log4Shell cha mu December 2021 chinali mu Log4j, library ya Java yongolemba zochitika mu log. Munthu ankangolemba mawu apadera m'malo a dzina, library n'kukatenga code kwa wakubayo n'kuiyendetsa. Panalibe memory yosefukira paliponse. Ku kampani ya Equifax ku America mu 2017 akuba anatenga mbiri ya anthu pafupifupi 147 miliyoni kudzera pa chibowo cha Apache Struts, ya Java nayonso, chimene chigamba chake chinali chitatuluka kale mu March chaka chomwecho koma sichinasokedwe. Mu March 2024 injiniya wina, Andres Freund, anatulukira khomo lachinsinsi limene munthu analibisa dala mu xz, pulogalamu yofinya mafayilo, atatha zaka akudzionetsa ngati wothandiza wokhulupirika. Chilankhulo sichikanatseka ngakhale chimodzi mwa zitatuzi. Choncho composer audit, lamulo lofufuza zibowo zodziwika m'ma library anu a PHP, iziyenda sabata iliyonse. Onaninso PHP imene ili pa seva yanu: 5.6 inasiya kulandira zigamba kumapeto kwa 2018, 7.4 inasiya mu November 2022, koma ndimaikumanabe pa maseva a anthu osunga ndalama za anzawo. Ndipo ngati mu fayilo ya .env mukadali APP_DEBUG=true pa seva yeniyeni, siyani kuwerenga kaye mukazimitse. Mu 2021 panalengezedwa chibowo mu Ignition, tsamba lija loonetsa zolakwika mu Laravel, chimene chinkalola munthu wakunja kuyendetsa code pa seva yosiyidwa mu debug.

Kunena chilungamo, matenda a memory akhoza kukufikanibe, koma polowera pansi. PHP yeniyeniyo inalembedwa mu C. Ma library amene amachepetsa zithunzi za ziphaso zimene mamembala anu amatumiza nawonso ndi a C. Mu September 2023 panapezeka buffer overflow mu libwebp, library yowerenga zithunzi za WebP, ndipo Chrome, Firefox ndi mapulogalamu ena ambiri anathamangira kutulutsa zigamba. Chithunzi chimodzi chokonzedwa mwaukathyali chinali chokwanira. Inu simungalembenso libwebp. Chimene mungachite ndi kusoka zigamba za seva zikangotuluka, ndi kukana mafayilo amene simukuwafuna. Ngakhale Rust ili ndi mawu akuti unsafe, otsegula mpanda pamene ikufuna kulankhula ndi C kapena ndi hardware. Ubwino wake ndi wakuti malo amenewa amakhala ochepa ndi olembedwa poyera, moti wofufuza amadziwa poyang'ana.

Pa timakina ta malisiti tija ndi pamene abwana anu alasa. Dzifunseni kuti code ya C imeneyo imawerenga chiyani chochokera kunja. Dzina la membala lochokera ku seva? Uthenga wa pa Bluetooth? Zimene ajenti walemba pa mabatani? Paliponse pamene zinthu zakunja zikulowa mu buffer, pamenepo ndi pa mzere wa kaundula uja. Ndipo kamakinako kamakhala m'manja mwa munthu tsiku lonse mu msika wa Limbe, kakhoza kubedwa, wina akhoza kukatsegula ndi sikuludiraiva usiku wonse popanda womuona. Ngati chip ya m'katimo ikulola, ndipo SDK (zida zolembera pulogalamu) imene opanga makinawo anakupatsani siikukumangani ku C yokha, zatsopano zonse muzilembe mu Rust, makamaka gawo lomasulira mauthenga obwera. Limeneli ndi laling'ono moti munthu mmodzi angaphunzirirepo popanda kuika kampani yonse pa chiswe. Ngati timakinato timayenda pa Android, Kotlin ikukwanirani. Mukadzafuna kalembedwe katsopano ka mbali ya seva koma kothamanga, Go ndi yosavuta kuphunzira kuposa Rust, ndipo pa memory imakutetezaninso.

Mukapeza kuti C simungaithawe, musataye mtima. Chotsani strcpy, strcat ndi sprintf, muike snprintf yokhala ndi malire, ndipo muziyang'ana zimene yabweza. gets() inachotsedwa kale mu C11, isapezeke n'komwe. Yatsani -Wall ndi -Wextra, ndipo chenjezo lililonse muzilitenga ngati cholakwa. Mangani code yomweyo pa laputopu ndi AddressSanitizer, chida chogwira zolakwa za memory, kenako muiponyere zinyalala ndi fuzzer (chida chotumiza mauthenga osokonekera ambirimbiri) ngati AFL kapena libFuzzer, muisiye usiku wonse ngati magetsi alola. Code yomasulira mauthenga imene siinayesedwepo motere kawirikawiri imagwa msanga, ndipo kugwa kulikonse ndi chibowo chimene mwachipeza inu wakuba asanachipeze. Koposa zonse, seva isamakhulupirire kamakinako. Chilichonse chimene katumiza chiziyesedwanso, kamakina kalikonse kakhale ndi kiyi wakewake, ndipo kakasowa muzitha kukaduliratu tsiku lomwelo.

Mawu ochepa pa anthu, chifukwa ndalama zambiri zimene ndaona zikusowa sizinadzere pa code. Zinadzera pa pasiwedi ya admin imodzi yogwiritsidwa ntchito ndi ofesi yonse, yolembedwa pa kapepala pansi pa kiyibodi. Zinadzera pa akaunti ya munthu amene anasiya ntchito chaka chatha koma siinatsekedwe. Zinadzera pa foni ya munthu wodzitcha "wa ku kampani" wopempha PIN. Aliyense akhale ndi akaunti yake, ma admin azilowa ndi nambala yachiwiri yotsimikizira, ndipo kusintha kulikonse kwa ndalama kuzisiya mapazi osafufutika. Musaganizenso kuti Malawi ili kutali ndi maso a akuba. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima, ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba alowa m'sisitimu ndipo akufuna dipo. Chakudza sichiyimba ng'oma. Sungani backup pamalo osalumikizana ndi seva, ndipo kamodzi pa mwezi yesani kuibwezeretsa, muone ngati ikutsegukadi.

Kwa abwana musapite ndi mawu akuti "Rust ayi". Cholinga chawo ndi chabwino, ndipo ndi abwana ochepa amene amalolera kutaya chaka chathunthu pa chitetezo. Apempheni kuti nthawi ndi ndalama zomwezo zipite kumene kuli zibowo: miyezi ingapo yotseka makomo mu Laravel, kukweza PHP, kulemba mayeso oonetsetsa kuti membala sangaone za mnzake, kenako gawo la timakina. Inuyo Rust muiphunzire ndithu. Masabata oyambirira borrow checker, mbali ya compiler yoyang'anira malamulo obwereka aja, idzakukanirani pafupifupi chilichonse, koma ikakuzolowerani mudzayamba kuona ma pointer otsala m'thumba ngakhale mu C imene munalemba kale.

Pali nthawi zina zofunika kuitana munthu wakunja. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wolemba code saona zolakwa zake monga mmene mlendo angazionere. Sisitimu yosunga ndalama za anthu iyenera kuyesedwa ndi katswiri wa penetration testing, woyesa kuthyola sisitimu ngati wakuba koma mololedwa, kamodzi pa chaka, komanso musanatulutse chinthu chachikulu chatsopano. Pakhale kalata yosainidwa yofotokoza zimene waloledwa kukhudza, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'sisitimu ya eni popanda chilolezo, ngakhale cholinga chikhale chabwino. Mufunseni ngati amayesa ndi manja mmene ndalama zimayendera. Wongoyendetsa scanner n'kukupatsani lipoti la masamba ambiri sangapeze callback yabodza kapena kutapa kawiri kuja.

Koma mukaona ndalama za m'mabuku sizikugwirizana ndi za ku kampani ya foni, kapena akaunti ya admin imene palibe akuidziwa, mafayilo achilendo a .php mu foda ya zithunzi, kapena wina walowa 2 koloko usiku ofesi itatsekedwa, musadikire Lolemba. Musafufute kanthu ndipo musaike seva mwatsopano, chifukwa mukatero mwasesa mapazi a wakuba. Idulani ku intaneti, koperani disiki ndi ma log, sinthani mapasiwedi ndi makiyi onse kuchokera pa kompyuta ina, ndipo uzani akuluakulu a SACCO tsiku lomwelo. Ku MACRA kuli gulu la Malawi CERT lothandiza pa ngozi zotere. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limaikanso udindo pa osunga mbiri ya anthu, choncho mbiri ya mamembala ikatayika funsani loya za oyenera kudziwitsidwa, ndipo ngati ndalama zabedwa nkhaniyo ipite ku polisi.

Mawa m'mawa, musanatsegule buku lililonse la Rust, pangani mamembala awiri oyeserera pa seva yoyesera. Lowani ngati woyamba, tsegulani sitetimenti, lisiti, fomu ya ngongole ndi chithunzi cha chiphaso, ndipo pa chilichonse sinthani nambala ija kukhala ya wachiwiri. Chitaninso chimodzimodzi pa API, khomo la seva limene foni imalankhula nalo, chifukwa kumeneko ndi kumene anthu amaiwala kwambiri. Mundilembere zimene mwapeza, ndipo mundiuzenso dzina la chip imene ili m'timakina tija kuti tione limodzi ngati Rust ingakwanemo.